Basi Imadutsabe Pakhomo Pathu

Okondedwa achemwali a Odessa,

Ndikhulupirira muli bwino ku Alabama, ndipo bondo lija lasiya kuvuta. Kuno ku Milwaukee chisanu chatha, tonse tikudzuka.

Mwafunsa za tsiku limene mwana wanga Lamont adzavale mkanjo womalizira sukulu. Musafulumire kugula tikiti. Chipewa chatsopano chija muzingopita nacho kutchalitchi.

Mwezi watha anakankhana ndi mnzake wachizungu pamzere wa chakudya. Mnzakeyo anabwerera m'kalasi tsiku lomwelo, wathuyu anamuuza kuti ayambe wakhala kunyumba, mpaka mayeso amudutsa. Mwa anyamata achikuda amene anayamba naye limodzi, otsala pasukulupo ndi owerengeka.

Anandiitanira ku ofesi ndili mu yunifolomu, paja basi ya sukulu yomweyo ndimayendetsa ndine. Ahedi anati, "Mwana wanuyu aphunzitsi amamuopa, thupi lakula." Achemwali, mwana woopa ngakhale kagalu ka aneba! Ine ndinangovula kapu n'kunena kuti, "Zikomo bwana, ndikamulangiza."

Titatuluka panja anati, "Adadi, simunandifunse n'komwe kuti anayamba ndani."

Ndinati, "Talowa m'galimoto, iwe."

Amayi ake sakudziwa zimene ndinayankha mu ofesi muja. Zinazo tidzakamba pamaso.

M'mawa uliwonse basi imadutsabe pakhomo pathu. Dzulo ndinaima mwachizolowezi, dzanja n'kutsegula lokha chitseko. Ana onse m'basimo anadikira. Lamont anali pawindo la nyumba, nsapato atavala kale. Ndinatseka chitseko n'kupitirira.

Muzitipempherera.

Ine mlongo wanu,
Cedric