Zophimba Matayala a Ndege ya Mzime

Lachitatu, 14 Ogasiti

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo, kungoti manja akundiyabwa chifukwa cha faiba, ndipo mtima nawo sukukhazikika. Ndalemba kalata chifukwa pafoni mawu amandithawa. Nkhani yake ndi ya Mzime wathu ndi ndege yake ija.

Mukukumbukira kuti pomwe ankayamba kuimanga m'galaja tonse tinkaseka, tinkati atopa yekha. Achemwali, ndege ija yatha. Mapiko alipo, injini ikalira mawindo a anansi amanjenjemera, ndipo mkulu woona za ndege anabwera, anaiyendera paliponse, n'kuvomereza. Chatsala ndi zophimba matayala, zoti mphepo isamawakoke ndege ili m'mwamba. Ntchitoyi anandipatsa ine popeza ndimakonza mabampa a galimoto ndi faiba. Pondipatsa anati, "Achimwene, ndegeyi sinyamuka mpaka mutaiveka nsapato." Mawu amenewo ndinawagwiritsa.

Ndinasema chikombole, ndinachisalaza ndi sandipepa mpaka chala kumatererapo, n'kupaka phula kuti faiba asakakamire. Kenako ndinayala nsalu ya faiba, n'kumathira rezini, guluu wamadzi woumitsa faibayo, kusindikiza ndi burashi pang'onopang'ono kuti mpweya utuluke. Chophimba choyamba chinatuluka chooneka bwino ndithu, koma nditachiyang'anitsa padzuwa ndinaona timatuza ta mpweya tonga mitu ya singano. Ndinachitaya.

Chachiwiri ndinawonjezera nsalu kuti chilimbe. Mzime anachitengera kukhitchini, n'kuchiika pa sikelo ya mkazi wake.

"Achimwene, mwapanga chophimba tayala kapena bafa losambitsira mwana? Ndege si lole."

"Nanga mwala ukadumpha potera?"

"Mwala wanji? Bwalo lija amasesa."

Amasesa! Ngati kuti iye amakhalapo akamasesa.

Chotsatira chinali chopepuka monga ankafunira. Tinachimanga pa tayala, iye n'kuwomba m'manja. Koma atalowa m'nyumba ndinapisa chala pakati pa tayala ndi chophimbacho. Mbali ina chala chinkalowa momasuka, mbali ina chinkakhula pang'ono. Tayala likatentha limafufuma, zimenezo ngakhale ine wa pulayimale ndikuzidziwa. Anandipeza nditachidula kale ndi sowo. Anavala magalasi, anatembenuza zidutswazo, akuti sakuona cholakwika. Mkazi wake, ataima pakhomo ndi manja m'chiuno, anati, "Alamu, inu mukanakhala azamba, bwenzi ana onse mukuwabweza kuti akakonzedwenso." Onse anaseka. Ine sindinaseke. Iwo akuti ndine wovuta, koma chinthu chokwera nacho kumwamba munthu sapanga mothamanga ngati chigamba cha bampa.

Tsono dzulo Mzime anabwera kumalo kwanga kogwirira ntchito, anakhala pa chidebe cha penti, n'kumandiyang'ana ndikusakaniza rezini. Kenako anati, "Achimwene, musadzivutitsenso. Zophimbazo zimangowonjezera liwiro pang'ono ndi kukongoletsa. Ndege imauluka popanda zimenezo. Loweruka ndikukaiyesa."

Ndinati, "Si iwe unati sinyamuka?"

"Ndinkangofuna kuti dzanja lanu likhalepo pa ndegeyi."

Rezini anaumira m'chitini ndili chigwirire. Anandipempha kuti ndidzapite nawo kubwalo Lowerukalo, ndinamuyankha kuti ndili ndi bampa la kasitomala. Anangogwedeza mutu n'kumapita.

Achemwali, zimenezi n'zoona? Munthu kundigwiritsa ntchito miyezi yonseyi, zovala zanga zonse zauma gwa ndi rezini, mkazi wanga akudandaula fungo, lero n'kudzandiuza kuti n'zokongoletsa? Mwana amene ndinkamubereka kumsana inu mukapita kuntchito, amene mpaka lero akakwera makwerero ndimamugwirira m'munsi?

Pempho langa ndi ili. Mzime amamva inu nokha. Mumuimbire, mumuuze kuti si ulemu kukaonetsa ndege ya matayala osavala pamaso pa anthu, adikire mkulu wake amalize ntchito imene anamupatsa yekha. Musanene kuti ndakulemberani. Chophimba china chili m'chikombole panopa ndipo chikuoneka bwino, koma kunja kuli chinyezi, rezini safuna kumufulumizitsa. Mwina kumapeto kwa mwezi uno, mwina wamawa. Ndiyeneranso kusema chikombole cha mbali inayo, chifukwa chakalechi ndayamba kuchikayikira.

Kalatayi ndapatsira dalaivala wa basi ya m'mawa, wandilonjeza kuti akupatsani m'manja. Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Mzime sanapereke moni popeza sakudziwa kuti ndikulemba, koma muulandire ngati wapereka. Ngati kalatayi ikupezani Loweruka litadutsa, musaimbe kwa iye. Muyambe mwaimba kwa ine.

Ndine mlongo wanu,
Wa mabampa