Muli Anthu Muno

Loweruka, 4 Malichi

Phokoso m'galaja kuyambira m'mawa. Mzime wanga ndi atsikana anzake awiri, wa tsitsi lofiira uja ndi wamtali uja. Ati ndi gulu loimba, dzina lake Mapazi Sikisi. Anthu atatu, mapazi sikisi. Masamu okhawo ndiye akhoza.

Zaka 34 ndikuwongola ana a eni ake kusukulu, wangawanga n'kumadumpha m'galaja. Ndapita, ndamenya chitseko, ndakuwa: "Chepetsani phokoso, muli anthu muno!" Zii. Kenaka kuseka.

Madzulo ndamuuza asankhe, sukulu ya unamwino kapena zovinavinazi. Zikakhala zovina, m'nyumba muno ayi. Ndimayesa alira. Walongedza chikwama, ulendo kwa azakhali ake. Mlongo wanga ameneyo chibadwire sanandimverepo.

Lachitatu, 22 Malichi

Mapiritsi anga a BP atsala anayi. Mpopi wa kubafa ukudonthabe. Mayi ake akundiyankha mawu amodziamodzi: eya, ayi, kaya. M'galaja zii.

Ndi zimene ndinkafuna.

Lachisanu, 14 Epulo

Manyazi lero. Ndinali kometetsa, wailesi ikulira. Ng'oma du du du, atsikana akuimba, kenaka mawu a mdala wina ngati mbuzi yomangidwa: "Muli anthu muno!" Onse pabenchi, mpaka wometa: "Tilimo!"

Ine n'kunena kuti mdala ameneyo alibe ulemu, pa msinkhu wake. Wometa wazimitsa makina, wandiyang'ana pagalasi. Ati, "Aphunzitsi, tanenaninso."

Kani tsiku lija makina ojambulira anali oyatsa. Anadula mawu anga n'kuwaika m'nyimbo, kasanu ndi kawiri. Ndawerenga. Pa nyimbo khumi zotchuka za pawailesi ili nambala 9. Ndabwerera kunyumba mutu wometa mbali imodzi.

Lamlungu, 23 Epulo

Nambala 5.

Msonkhano wa eni nyumba a mumsewu mwathu, nkhani ya zinyalala. Wapampando ndine. Anthu akulongolola, ine kuiwala, ndaimirira: "Chepetsani phokoso." Sindinamalize n'komwe. Chipinda chonse: "Tilimo!" Ngakhale mlembi, mayi wa zaka 70, mapewa akugwedezeka. Za zinyalala zathera pomwepo.

Kunyumba ndapeza mayi ake akusita uku akuing'ung'udza. Ndafunsa, mongodutsa, ngati mwana akudya bwino kumeneko. Ati, "Foni muli nayo, bambo."

Loweruka, 6 Meyi

Nambala 2. Pamwamba pake pali kanyimbo ka chikondi, mwamuna wamkulu kulira mphindi zinayi zathunthu. Zandikwiyitsa. Ndadzitsekera kubafa, ndatumiza mavoti atatu pafoni. Si chifukwa cha mwana wanga ayi. Inayo chiganizo chake choyamba chilibe mneni.

Lero ndamvetsera yonse koyamba, osangodikira pokuwa ine. Ndime yachiwiri mzime amaimba yekha. Mawu ake ndi a malemu mayi anga enieni, ngakhale kokoka mpweya. Zaka 22 ali m'nyumba mwanga, ine osadziwa. Ndinkangomva phokoso.

Mpopi ndakonza.

Loweruka, 13 Meyi

Nambala wani.

Ndakuwa ndekha pabalaza mpaka mphaka wathawa. Mayi ake andipeza ndili chilili, phazi likugunda pansi. Ndati ndi dzanzi.

Kenaka anawaitana atatu onse pawailesi. Muulutsi kufunsa kuti mdala wokuwayo ndani. Wayankha ndi mzime. Ati, "Ndi munthu amene anandiphunzitsa kuti ukamalankhula, wakumbuyo azimva."

Munthu. Osati bambo anga. Zandiwawa kwambiri, ndipo wolakwa ndikumudziwa, ndimamumeta ndevu m'mawa uliwonse.

Uthenga ndalemba kanayi, ndafufuta kanayi. Woyamba unali ndi mfundo zitatu. Mapeto ake ndatenga tsache. Ndatumiza mawu awiri: "Galaja ndasesa."

Lachiwiri, 16 Meyi

Palibe yankho. Foni ndaionetsa kwa wokonza, ati ilibe vuto.

Mlongo wanga naye sakuyankha. Ameneyo akuchita dala.

Lachisanu, 19 Meyi

Palibe. Ndasesanso.

Lamlungu, 21 Meyi

Masana, ndili pampando ndi nyuzi ya dzana. Kugogoda pakhomo. Odi palibe. Kenaka mawu aja a ndime yachiwiri, motsitsa, ngati akuopa: "Muli anthu muno?"

Mfundo zanga zitatu zinali zokonzeka, ya unamwino poyamba. Pakamwa panatuluka china. "Tilimo."

Mawu anachita kuthyoka pakati. Mayi ake ati ndinaphonya nyimbo, koma nawonso amapukuta m'maso ndi nsalu ya mbale. Mwana waonda pang'ono. Wandigwira dzanja ndi manja onse awiri, ati, "Ababa, mutu anakumalizani?" Nkhani ya kometa ija inafika mpaka kwa azakhali ake.

Za sukulu tikambirana mawa. Wanena yekha, ine sindinayambitse.

Pano ali m'galaja, mapazi onse sikisi, akukonza nyimbo yachiwiri. Mawindo akunjenjemera. Wamtali uja ndamuona akuika maikolofoni kuseri kwa chitseko, akuyesa ndine mwana. Akudikira ndipite ndikakalipe.

Sindipita. Munthu wa ulemu wanga sangachite kutcheredwa msampha kawiri.

Phokoso lakula. Ndayamba ndamwa madzi ofunda kuti kukhosi kuyere, kenaka ndikawauze kuti muli anthu muno.