Ndamwa mankhwala a apongozi

Morenike,

Usandifunefune, ndathamangira kuchipatala. Paja adokotala pondipatsa fulajilo uja, woti bala la opaleshoni ya mudzi lisamawawe kwambiri, anati mowa ndisalawe ngakhale dontho. Ndiye apongozi abwera ndi botolo la agbo, makungwa awo oviika m'kachasu aja, akuti mudzi sutha ndi mpeni. Anandiimirira pamaso penipeni, ndikanawakanira bwanji? Ndamwa kapu yonse.

Pano ndasanza katatu, mtima ukugunda ngati utuluka, kumbuyoku magazi ayambiranso. Ndikuopa, mkazi wanga.

Unditsatire ndi mapepala a opaleshoni komanso botolo lija, adokotala akalione. Pepa, pilo wako ndatenga, panjinga yamoto sindikanakhalapo popanda iye.

Amayi ako usawakalipire. Apita kumsika kukagula makungwa ena, akuti mawa ndimwe makapu awiri.

Gbenro