Thanki imene achimwene akufuna kuwotcherera

Pretoria,
Juni 2024.

Okondedwa Amayi,

Assalamu alaikum. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi onse a pakhomo. Nanga mawondo aja akukulolani kugwada, kapena mukuswalirabe pampando? Ine kuno ndili bwino, alhamdulillah, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwandikwana. Ndikugona nditavala chipewa ngati khanda.

Kalatayi ndapatsira a Langton, dalaivala wa basi ya ku Joni amene amakusiyirani katundu pa Boma. Mng'ono wanga Kulsumu akuwerengereni achimwene a Hashimu atapita kushopu. Sindinafune kuimba, chifukwa foni yanu amayankha ndi achimwenewo, ndipo nkhaniyi ndi ya iwo omwe.

Sukulu ikuyenda koma mokwawa. Pepala londilola kukhala m'dziko muno latha, ndipo latsopano silinatuluke. Ndikapita kukafunsa amangoti ndidikire, ndisatuluke m'dziko, chifukwa ndikatuluka lisanabwere sadzandilolanso kulowa. Khutu lakumanzere nalonso likulira chifukwa cha phokoso la kuntchito, koma adokotala akuti lisiya.

Paja mumandiseka kuti ana a anzanu anaphunzira kuchiza anthu, wanu anaphunzira kuphulitsa zinthu. Sindikana ayi. Tili ndi chipaipi chachitsulo chachitali ngati khonde lathu. Timalowetsamo mpweya wa petulo kapena gasi, n'kukabisala kuseri kwa khoma, kenako n'kuyatsa. Tikatero timayeza mphamvu ya kuphulikako, kuti a m'migodi ndi m'mafakitale adziwe mmene angatetezere antchito awo. Digiri yomalizayi ndikulembera zimenezo.

Pa zonse zimene ndaphunzira, chimodzi ndikufuna muchimve bwino, Amayi. Thanki yodzaza petulo ikagwira moto imayaka. Yopanda kanthu ndiyo imaphulika. Fungo limene limatsalira mkati lija si fungo chabe, ndi petulo yemweyo atasanduka mpweya. Wina amabisala m'dzimbiri ndi m'makona, moti ngakhale mutatsuka ndi sopo, chitsulo chikangotentha amatulukanso. Zikatero kamoto kakang'ono kothetheka kamakwana.

Mwezi watha aphunzitsi anga anaitanidwa kukafufuza ngozi pa galaja ina kunja kwa tauni, ndipo ananditenga. Bambo wina wa ku Tete ankawotcherera thanki yopanda kanthu. Anzake anatiuza kuti anaitsuka bwinobwino, anainunkhiza, n'kunena kuti ili bwino. Ntchitoyo anali ataigwira zaka zambiri osapsa ngakhale chala. Ife tinafika thupi atalichotsa kale. Chitsulo chakumapeto kwa thankiyo tinakachipeza kuseri kwa mpanda wa eni ake ena, chitagwetsa mtengo wa mandimu. Ine ntchito yanga inali kuyeza mtunda umene chinauluka. Ndinayeza, ndinalemba. Mkazi wa malemuyo anali atakhala pansi pageti, ndipo atamva ndikulankhula ndekha m'Chichewa anandifunsa m'Chinyungwe ngati mwamuna wake anamva kupweteka. Ndinamuuza kuti ayi. Pamenepo pokha ndi pamene maphunziro anga anamuthandiza.

Ndiye sabata yathayi alamu anga a Latifah ananditumizira chithunzi pafoni, akunyadira kuti amuna awo apeza ntchito yaikulu. Pachithunzipo achimwene aima pamwamba pa thanki ya galimoto yonyamula petulo, imene yaima kuseri kwa shopu yawo, kufupi ndi msewu wa kuchipata cha Zobwe. Akuti yang'ambika pansi, mwini wake anapopa mafuta onse, ndipo agwirizana kuti aiwotcherera ikangodutsa Idi. Kumbuyo kwawo pachithunzipo ndinaona ana akusewera mpira. Nsima ya tsiku limenelo ndinaitaya.

Achimwenewo ndinawaimbira nthawi yomweyo. Poyamba anaseka, akuti sukulu yandipititsa patali mpaka ndayamba kuopa chinthu chopanda kanthu. Nditalimbikira anandiuza kuti aitsuka ndi madzi a sopo, aisiya padzuwa, ndipo mphuno yawo siinawanamizepo. Ndinawafotokozera za bambo wa ku Tete uja, iwo anati aliyense ali ndi tsiku lake limene Allah analemba. Ndinawakumbutsa kuti ngakhale a shehe amamanga mbuzi yawo asanapite kumzikiti. Apo m'pamene anapsa mtima.

Anati malemu bambo athu anadula migolo moyo wawo wonse, kupanga mbaula ndi zidebe, ndipo anamwalira ndi zala zonse khumi. Anati njira yotsukira ndi kununkhiza anaiphunzira kwa iwo, ndipo ngati ndikuti njirayo ndi yolakwika ndiye kuti ndikunyoza manda a bambo amene anandilipirira sukulu ndi migolo yomweyo. Kenako anadula foni. Kuyambira tsiku limenelo sakundiyankha.

Mawu amenewo anandipweteka, ndipo ndinalira. Mukuwadziwa mwana wanu, akatchula bambo ndiye kuti khutu atseka. Komanso sindiiwala kuti shopu imeneyo ndi imene ikukudyetsani nonse, pamene ine ndikungowerenga mabuku kuno. Sindikunyoza luso lawo. Mageti ndi mawindo a achimwene alibe mnzake Mwanza yonse. Koma thanki ya petulo si geti. Imafunika kupita ku Blantyre, kumene amaitsuka ndi nthunzi yotentha n'kuiyeza ndi makina asanaiyandikize moto.

Ndakhala ndikuganiza kuti chifukwa chiyani bambo sanavulalepo, ndipo dzana ndikukazinga anyezi ndinakumbukira. Migolo ya bambo inkachokera kubekale. Inali ya mafuta ophikira. Ikafika pakhomo inu munkaiweramitsa pabeseni padzuwa, n'kutiuza kuti tisaigwedeze, ndipo timafuta totsalirato munkakazingira mandasi ogulitsa pachipata. Bambo ankatsuka kuti mgolo usaterere m'manja, ndipo ankanunkhiza kuti amve ngati mafuta anali owola. Achimwene anaona kutsuka ndi kununkhizako, koma nthawi imene inu munkakhetsa mafuta iwo ankakhala ali kumadrasa. Bambo sanalakwe chilichonse. Kungoti sanadulepo mgolo wa petulo.

Pempho langa ndi limodzi, Amayi. Zimenezi muwauze ndinu, osati ine. Zikachoka pakamwa panga amva sukulu, koma zikachoka pakamwa panu amva mkazi amene anakhala ndi bambo m'nyumba. Musadikire Idi. Muwakhazike pansi, muwauze zimene munkachita ndi migolo ija, kenako muwafunse ngati angalole kuti mukazingire adzukulu anu mandasi ndi zotsalira za m'thanki imeneyo. Akakana kumva, tengani mpando wanu mukakhale pansi pa thankiyo. Ndikuwadziwa, sangayatse moto inu muli pamenepo.

Ngati nazonso zikanika, Kulsumu andiimbire ndithu. Ndikwera basi ya a Langton ngakhale pepala langa lisanatuluke. Ndikudziwa kuti ndikatero sukulu yathera pomwepo, ndipo aphunzitsi anga andiuza kale kuti ndisachite misala. Koma sindingathe kukhala kuno n'kumayeza za eni ake, kenako wina adzapite kwathu kukayeza mtunda umene chitsulo cha achimwene chinauluka.

Mundiperekere moni kwa amalume a Haidar ku Thambani, muwauze kuti mankhwala a m'maso aja ndawaika m'chikwama chimene chabwera ndi kalatayi. Moni kwa azakhali ndi ana awo onse, kwa Kulsumu amene akuwerengayu, ndi kwa alamu anga a Latifah. Musawakalipire chifukwa cha chithunzi chija, anachita bwino kunditumizira. Adzukulu anu muwaletse kusewera kuseri kwa shopu kuyambira lero.

Achimwene okha musawapatse moni wanga. Umenewo ndausunga, ndikufuna ndidzawapatse ndekha m'manja, ndipo mundithandize kuti ndidzawapeze.

Allah akusungeni, Amayi.

Ndine mwana wanu wosagona tulo,
Halimah Jaffu