A Kachingwe Atisiya Nkhwali Zili pa Mazira

Kwa Mayi Daphne Kachingwe, ana anu Ralph ndi Tiya, ndi magulu athu atatu osamala nkhwali za m'mapiri, la Bolton, la Manchester ndi la Wakefield.

Uthenga woti Bambo McDonald Kachingwe atisiya unandipeza pa siteji, ndipo basi inabwera n'kupita ine ndili chiimire. Ife a gulu la Bolton tasweka mtima, pakuti munthu amene mwezi watha ankatisiya m'mbuyo pokwera phiri sitinkayembekeza kuti lero tizimutchula kuti malemu.

Tsiku limene tinapita nawo koyamba kumapiri, nkhwali itauluka m'tchire, iwo anati, “Mayi Ennie, ndiwo zonsezi zikungoyenda zopanda mwini?” Ine ndinati, “Achimwene, kuno mukagwira imodzi, viza yanu yathera pomwepo.” Anaseka mpaka kukhala pansi pa udzu wonyowa.

Koma munthu yemweyo ndi amene anadzatilumikiza. Kale gulu lililonse linkasunga nkhani zake osauza anzake, ndipo a Bolton tikaona chisa pafupi ndi njira, a Wakefield ankadzachipondaponda osadziwa. A Kachingwe anayamba kuyendetsa nkhani za mbalame monga timayendetsera uthenga wa maliro kwathu. Akaona utsi m'tchire, kapena agalu osamangidwa, sankangolemba uthenga pa gulupu ya pa foni n'kuiwala. Ankaimba foni, angakhale atangoweruka kumene kosamalira okalamba, mpaka munthu ayankhe kuti, “Tamva.” Ena tinkadandaula kuti amatisowetsa mtendere, koma nkhwali zinkaswa.

Tsopano ndinene chimene chandikwiyitsa. Abale athu a ku Manchester, mwa chikondi chenicheni, anakonza zoti Loweruka tikawakumbukire malemu pa phiri limene ankalikonda, ndi kwaya, ndi nyama yowotcha. Ife a Bolton tinkadziwa kuti pamalo omwewo nkhwali zili pa mazira, koma aliyense ankaganiza kuti mnzake wanena kale. Amene anandiimbira foni ndi namfedwa mwini. “Mayi Ennie,” anatero Mayi Daphne, “anthu onsewo ndi moto pamwamba pa zisa? Mukufuna bambo a Ralph adzuke adzatikalipire?” Manyazi anandigwira.

Choncho Loweruka tikumana mu holo ya tchalitchi chathu ku Bolton. Nyama bweretsani, kwaya ibwere, ng'oma ilire. Kuphiri tidzapita anapiye akadzayamba kuuluka.

Mayi Kachingwe, m'malo mwa mamembala onse ndikuti pepani, pepani ndithu. Mulungu akupatseni mphamvu pa nyengo yowawitsayi, ndipo khomo lanu sitilisiya lozizira. Ralph ndi Tiya, bambo anu ankanyadira inu kuposa nkhwali, ndipo inu mukudziwa kuti amenewo si mawu ochepa.

Kwa enanu, munthu amene ankatiimbira uja wapita, ndipo sikoyenera kuti mayi wolira azigwira ntchito yathu. Mukaona kanthu kuphiri, uzani magulu onse tsiku lomwelo, musayembekeze mnzanu. Yambani ndi uthenga uno: mukauwerenga, musanditumizire tizithunzi ta manja opemphera. Imbirani wina wa gulu lina, ndipo musadule foni mpaka atanena kuti, “Tamva.”

Ennie Chipofya
Wapampando, Gulu la Bolton