Nambala Imene Ukufuna Kutseka

Bangula,
Nsanje.
Okotobala, 2023

Wokondedwa mlongo wanga Pius,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wako. Ukudzuka bwanji kumeneko ku Joni? Chifuwa chija chinakusiya? Nanga mlamu wanga Jenifer ndi kamwana ali bwanji? Ngati nonse muli bwino, ndiye kuti Mulungu akutimva. Kuno tilipo. Dzuwa ndi lomwe lija ukulidziwa la mwezi uno, loti nsomba ukayanika m'mawa, masana zauma gwa. Amayi miyendo ikumawavuta podzuka, koma kudimba sajomba.

Usadabwe kuti ndakulembera papepala pamene foni ndili nayo. Iwe ndinakubereka kumsana, ndimakudziwa. Pafoni ndikangoti ndiyambe nkhani, umati achemwali fulumirani, abwana akubwera. Pepala sungalidule mawu. Ndapatsira Shadreck wamabasi uja amakubweretsera mpunga, ndipo ndamuuza kuti asachoke pakhomo pako usanatsegule.

Nkhani ndi iyi. Unandiuza kuti pali nambala ina yachilendo imene ikuimbaimba pa foni yathu ya bizinesi, woimbayo sadina batani lililonse, amangosiya mauthenga ataliatali mpaka bokosi kudzaza, makasitomala kusowa posiya maoda. Unati sunamvetsereko ndi umodzi womwe chifukwa ulibe nthawi ya anthu osowa chochita, ndipo mwezi ukatha uitseka nambalayo ndi kufufuta zonse. Pius, chala chako chisakhudze pamenepo. Woimbayo ndi Amayi.

Khala pansi, ndikufotokozere bwinobwino mmene zinayendera.

Za nambala yathuyi sindikudandaula ayi, unaganiza bwino. Pamene unandiuza kuti pa intaneti pali kampani yopatsa munthu nambala ya kuno, koma wina akaimba foni n'kukalira m'thumba mwako ku Joni, ine ndinaseka. Ndinati mwana ameneyu amupusitsa. Koma ndinakutumizira chithunzi cha chiphaso changa monga unanenera, nambala inabwera, ndipo tinailembetsa pachikwangwani pamwamba pa khomo la shopu. Lero amayi ogulitsa nsomba ku Limbe, amene kale ankaopa kuimba nambala yakunja poti imadya mayunitsi, akuimba okha. Iwe ukulandira maoda, ine ndikumanga mitolo ya milamba ndi matumba a mpunga n'kukweza minibasi. Mutu wanga wapumako.

Chimene chinandiseketsa ndi mawu unajambula aja. Koma iwe! Mawu amenewo unawabwereka kwa ndani? Takulandirani ku Chigwa Mpunga ndi Nsomba, ofuna mpunga dinani wani, ofuna nsomba dinani thuu. Munthu angaganize kuti ndi bwana wataye, osadziwa kuti ndi Pius yemwe uja ankathawa abakha a kwa Evelesi akulira.

Vuto linayamba tsiku limene unaimbira msodzi wina pamsika pano pogwiritsa ntchito nambalayo. Iye poona kuti ikuyamba ngati zathu zakuno, anaonetsa anzake. Dzuwa lisanalowe, Bangula yense anali atamva kuti Pius wabwerako ku Joni. Ena ankati uli ku Limbe. Wina analumbira kuti wakuona ndi maso ake pa Nchalo ukutsika galimoto yoyera. Anthu akuno ukuwadziwa.

Ine nthawi imeneyo ndinali kutsidya kwa Shire kokagula mpunga, ndipo ndinakhalako masiku angapo. Kumbuyo kuno abambo aang'ono, a Elisha, anapita kwa Amayi. Akuti anafika ali wefuwefu, n'kukana ngakhale mpando. Anati mwana wanu walowa m'dziko muno, wayamba malonda, koma maliro a bambo ake sanadzalire. Anafunsa ngati ndi mmene Ababa anatilelera.

Mwambo wathu sunauiwale. Munthu amene sanakhale nawo pamaliro akafika kwawo, sayamba wapita kumsika kapena kwa anzake. Amayamba kulira adakali pamsewu, amalowa, amakhala pansi, ndipo mwini maliro amamufotokozera mmene matenda anayambira kufikira mmene munthuyo anatsirizikira. Akatha, wobwerayo amati pepani. Pamenepo mpamene timati maliro amufika. Ababa atatisiya dzinja lathali, tonse tinamvetsa kuti mapepala ako sanali bwino, ukanatuluka sukanalowanso. Palibe anakuimba mlandu. Koma kumva kuti uli ku Limbe kuno, imeneyo inali nkhani ina.

A Elisha atachoka, Amayi analowa m'nyumba. Anangosesa m'chipinda chako, kuchapa mkeka, n'kutsekera tambala m'khola kuti asapite kutali. Madzulo aliwonse ankapita kukakhala pamthunzi pafupi ndi pamene pamaima maminibasi ochokera ku Blantyre. Akafunsidwa ankati akungopitidwa mphepo.

Ataona kuti sukubwera, anapita kwa Evelesi, mnansi wathu, amene ali ndi kafoni kamabatani. Evelesi anakakopera nambala pachikwangwani paja n'kuwaimbira. Udziwe kuti chichokere iwe, aka kanali koyamba kuti Amayi akuimbire okha. Masiku onse amadikira kuti iwe uimbe pa foni yanga.

Evelesi akuti Amayi atangomva mawu ako nkhope yawo inawala. Anati Pius mwananga, ndine mai wako. Iwe n'kuwauza kuti ofuna mpunga adine wani. Anabwerezanso mokweza, poganiza kuti netiweki ikuvuta. Iwe n'kuwauza kuti ofuna nsomba adine thuu. Kenaka kunangolira kuti tiii, basi zii.

Akuti anabweza foniyo ndi manja awiri, n'kunena kuti takhuta, n'kumapita. Tsiku limenelo sanasonkhe moto. M'mawa mwake anamasula tambala uja.

Ine pofika ndinawapeza atakhala pakhonde, maso ali kumsewu koma osaona kanthu. Ndinawafunsa ngati akudwala, anakana m'Chisena kuti nkhabe. Ndi Evelesi amene anandikokera kuseri n'kundiuza zonse. Mlongo wanga, mtima unandipweteka. Ndinakwiya ndi a Elisha, ndinakwiya ndi iwe, ndinakwiya ndi chikwangwani chomwe, mpaka ndinafuna kukachizula.

Ndinayesa kuwafotokozera za intaneti, koma ndinaona kuti ndikungotaya malovu. Anati iwo mawu a mwana wawo amawadziwa, ndipo mwanayo wawayankha ngati ogula. Ndiye ndinatenga foni yanga, ndinaimba nambala ija, n'kuwauza kuti amvetsere bwino. Paja pamene unkajambula kunadutsa takisi, ndipo hutala yake imamveka ukangoti mpunga. Ndinadula, n'kuimbanso. Hutala pomwe paja. Ndinaimbanso kachitatu, n'kuwafunsa ngati anaonapo galimoto yoliza hutala pamawu amodzimodzi nthawi zonse.

Amayi anayang'anitsitsa foniyo. Kenaka anayamba kuseka, kuseka kwenikweni mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Anati kani ndi ngati kaseti ya kwaya ija Ababa ankaikonda. Anati ndiye kuti mwana wawo sanawakane, ali konko ku Joni. Madzulo omwewo anatuma uthenga kwa a Elisha kuti ayambe afunsa asanathamange ndi nkhani.

Asanagone anandifunsa kuti nanga kulira kwa tiii kuja n'chiyani. Ndinawauza zomwe iwe unandiuza, kuti kukalira choncho munthu amayankhula, mawu ake amasungidwa, ndipo Pius akaweruka kuntchito amamvetsera. Anafunsa ngati umamva onse. Ndinati onse. Ine ndinkadziwa bwanji kuti umasankha?

Kuyambira pamenepo, akachoka kudimba amasamba, amavala chitenje chawo cha kutchalitchi, n'kupita kwa Evelesi atanyamula mbatata m'kambale. Mbatatayo ndiyo amasinthanitsa ndi mayunitsi. Amatenga foni, amakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, miyendo atatambasula. Evelesi anawauza kuti akhoza kudina batani kuti foni ilire kwa iwe, koma anakana. Anati uli pantchito ya eni ake, asakuchotsetse. Amadikira umalize za mpunga ndi nsomba zako zonse osakudula, kenaka kukati tiii amayamba.

Ine ndinkayesa kuti amakuuza za nkhuku ndi za mvula. Dzana ndinapita kukatenga lichero langa kwa Evelesi, ndipo ndinawamva ndili kuseri kwa mpanda. Pius, Amayi akukufotokozera maliro a Ababa.

Evelesi akuti Amayi anayambira pachiyambi penipeni, tsiku limene Ababa anabwerako kokaonjola ukonde akuti mutu ukulemera. Akukuuza zimene anadya, zimene anakana, amene anabwera kudzawazonda, nyimbo imene anapempha kuti tiwaimbire. Akuyankhula m'Chisena, pang'onopang'ono, ndi mawu omwe aja amafotokozera munthu amene wakhala nawo pamphasa imodzi. Makina akowo amawadula asanafike patali. Akadulidwa sadandaula. Amapempha Evelesi aimbenso, amamvetseranso za wani ndi thuu, n'kupitiriza pamene analekezera. N'chifukwa chake ukuona nambalayo ikubwera kambirimbiri.

Ndinaima pamenepo lichero lili m'manja, misozi ikungotsika. Zina zimene ankanena ngakhale ine sindinkazidziwa, chonsecho ndinali pomwepo masiku onsewo. Sindinadziwe kuti Ababa anafunsa ngati kumene uliko umafunda bulangeti lokwanira. Sindikuuza zambiri, si ine woyenera kukuuza.

Ndinazindikiranso kuti chaka chonsechi sanapeze mpata. Ukaimba pa foni yanga, ine ndimakhala nditaima pambali kudikira foni, ana akulimbirana kuti akuone nkhope, iwe ukuyang'ana ngati abwana akubwera. Umafunsa kuti Amayi muli bwanji, iwo amati pyadidi, ali bwino, basi yatha. Nkhani ya maliro siikambidwa choimirira, ndiye anangoisunga mumtima.

Panopa afika pa tsiku limene tinawakweza Ababa pa njinga kupita nawo kuchipatala. Kwatsala pang'ono kuti afike pamapeto. Evelesi akuti masiku ano Amayi akumayankhula mochedwa kuposa kale, ndipo nthawi zina amangogwira foni kukhutu osanena kanthu mpaka idule yokha.

Ndiye pempho langa ndi ili, ndipo ndikupempha ngati mkulu wako amene sanakupemphepo nsapato kapena foni yatsopano. Nambala ya Evelesi usaitseke. Mauthengawo usafufute ngakhale umodzi. Ngati bokosi ladzaza, funsa akampaniwo akukulitsire, iwe ndi amene umadziwa kuyankhula nawo. Makasitomala akasowa posiya maoda aimbenso, mpunga suwola tsiku limodzi.

Lamulungu likubwerali usapite kokaonera mpira. Uuze Jenifer atenge mwana akacheze kwa anzake. Utseke chitseko, ukhale pansi, pansi penipeni osati pasofa, uyambire uthenga woyamba. Ukafuna kulira ulire, palibe adzakuone. Amayi akadzamaliza kufotokoza, iwe udzaimbe pa foni ya Evelesi nthawi yoti abwerako kudimba, ndipo udzanene mawu amene wobwera pamaliro amanena. Usadzayambe ndi kufunsa za maoda, usadzafulumire.

Sindikuti ubwere. Ndikudziwa mmene zilili ndi mapepala, ndipo Amayi nawonso akudziwa. Tsiku lodzaona manda lidzafika Mulungu akalola. Chimene ndikuopa n'chakuti tsiku lina adzavale chitenje chawo, adzanyamule mbatata, adzakhale pamphasa paja, foni n'kukana kulowa. Ndidzawauza chiyani ine? Kachiwiri sindingathe kuwatsimikizira kuti sunawakane.

Sindinawauze kuti sunamvetsere, ndipo sindidzawauza. Iwenso usadzawauze.

Ndalemba zambiri, dzanja latopa, ndipo Shadreck wayamba kale kuliza hutala panja. M'katoni muli mpunga, milamba youma ndi ufa wa mapira wa phala la mwana. Nsombazo uziyanikenso ukalandira, ulendo ndi wautali.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga Jenifer, umuuze kuti chitenje chija ndinalandira ndipo azimayi akumpingo akuchisirira. Kamwanako ukapsompsone m'malo mwanga. Upereke moninso kwa anyamata onse akwathu amene umakumana nawo kumeneko. Alamu ako ndi ana akupereka moni wambiri. Evelesi akuti umukumbuke. A Elisha nawonso apereka moni, mwamanyazi.

Amayi ndinawauza kuti ndikukulembera, n'kuwafunsa mawu oti ndikuikire. Anapukusa mutu. Anati ndisavutike kuwononga pepala, moni akupatsa kale okha m'mawa uno, ndipo wamva.

Ambuye akusunge, akutchinjirize pantchito ndi panjira, mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mlongo wako wokukonda,
Emelia