Amuna Khumi a m'Kanema

Alibag,
m'nyengo ya mvula

Wokondedwa mlongo wanga Menashe,

Ndayamba ndi moni. Uli bwanji kumeneko ku Ashdod, ku Israeli? Nanga mlamu wanga Rivka ndi anyamata ako, Asher ndi Yoel? Msana uja unasiya kukuvuta? Ine kuno ndilipo, kungoti mvula yanyanya ndipo denga la kukhitchini layambanso kudontha.

Chimene ndakhalira pansi kulemba ndi nkhani ya Ababa. Pa foni sindikanatha, chifukwa iwe ukafunsa kuti ali bwanji, ine ndimangoti ali bwino, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ukudziwa kuti chimwalirireni Amayi, nzeru za Ababa zakhala zikuzima pang'onopang'ono. Amangokhala pakhonde tsiku lonse, osayankhula. Ine amandiitana dzina la Amayi, ndipo masiku ena amandifunsa mwaulemu kuti ndine mwana wa yani. Ndinazolowera.

Mwezi watha Sulabha, mnzanga wa nyumba yoyandikana nafe uja, anabwera ali wefuwefu kudzandiuza kuti ku holo ya kanema kwabwera filimu ya Ayuda. Anati ndi yakunja koma anaiika m'Chihindi, ndipo sizingatheke kuti ine, Myuda yekhayo amene iye amacheza naye, ndisaione. Nditamufunsa ngati ndi yabwino, anati ndi yoopsa pang'ono chabe, ngati tsabola wa m'ndiwo. Ababa sindingawasiye okha, ndiye ndinawaveka malaya oyera, tinapita tonse atatu masana.

"Pang'ono" wa Sulabha! Inali nkhani ya mzimu wa munthu wakufa umene unasowa kopumira n'kulowa mwa mtsikana. Iwo amautcha dibuki. Ine dzinali ndinali ndisanalimvepo, kaya ndi za Ayuda a ku Ulaya. Mtsikanayo atayamba kuyankhula ndi mawu a mwamuna, holo yonse inakuwa. Mayi wina anatayira mtedza wake pamutu pa munthu wakutsogolo. Anyamata a kumbuyo ankaimba likhweru kuti tione ngati sakuopa. Sulabha anandikanikiza mkono mpaka zikhadabo kulowa, n'kumandinong'oneza kuti, "Kodi kwanuko zimachitikadi zimenezi?" Ndinamuuza kuti kwathu ndi kuseri kwa mpanda wake, anayamba wazionapo?

Ababa anali kusinza, ndipo ndinathokoza Mulungu.

Chakumapeto, m'filimumo munalowa amuna atafunda nsalu zopempherera kumutu. Anamuzungulira mtsikana uja, wina ataliza lipenga la nyanga ya nkhosa. Mawu ena onse anali m'Chihindi, koma mapemphero anawasiya m'Chiheberi.

Menashe, lipenga litangolira, Ababa anadzuka.

Ndinawaona akuloza ndi chala, milomo ikugwedera. Ankawerenga amuna aja monga ankachitira pakhomo pa sunagoge tili ana, osati ndi manambala, koma ndi vesi lija la mawu khumi, munthu aliyense liwu lake. Atafika pa liwu lomaliza anapumira m'mwamba. Anatulutsa kansalu m'thumba, n'kuphimba kumutu, n'kuimirira.

Ndinawakoka malaya. Sanandimve. Amuna a m'filimu akapemphera, iwo ankayankha "Ameni" ndi mawu aja ankagwedeza mawindo a sunagoge. Kenaka anayamba okha pemphero la omwalira, n'kutchula dzina la Amayi.

Ukukumbukira kuti pa maliro a Amayi pempheroli silinanenedwe. Limafuna amuna khumi, ndipo ife tinapeza anayi, poti Ayuda anzathu ambiri anali atasamukira kale ku Israeli. Ababa anangoima pamanda milomo ili yotseka. Pemphero limenelo analisunga m'mimba zaka zonsezi, ngakhale mayina athu atawathawa.

Anthu anayamba ndi kuseka. Wina anakuwa kuti, "Khalani pansi agogo, sitinabwere kudzaona msana wanu!" Kenaka mnyamata wina kumbuyo anati, "Eee, chawalowa nawonso! Chatuluka m'kanema chalowa mwa madala!" Ena anafa nazo kuseka, koma ena anakhulupirira. Amene anakhala pafupi nafe anathawa m'mipando. Mayi wina anaphimba maso a mwana wake. Mafoni anali m'mwamba mbali zonse, kuwajambula.

Sulabha anaimirira n'kuwalalatira kuti ndi agalu opanda makolo, munthu wamkulu akupemphera iwo akuseka. Anamuyankha kuti akhale chete, chingamulowe nayenso. Kunabwera bambo wa pakhomo ndi tochi kudzatitulutsa. Ababa anangokweza dzanja kuti adikire, ndipo bamboyo, kaya chinamugwira n'chiyani, anazimitsa tochi n'kudikira.

Ababa atamaliza anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuwerama, monga mwa mwambo. Kenaka anatembenukira kwa ine, nkhope ili yowala, n'kunena kuti, "Yerusha, lero takwana."

Dzina langa, Menashe. Langa lenileni. Ndinalira mpaka kunyumba, ndipo Sulabha ankaganiza kuti ndikulira manyazi.

Manyazi analipo ndithu. Zimene anajambula zija zinazungulira tauni yonse. Mayi amene wakhala akutigulitsa nsomba kuyambira kale tsopano amaziika pansi kuti nditole ndekha, safuna kukhudza dzanja langa. Ena akamadutsa pamsewu amalira ngati lipenga n'kuthawa. Koma enanso anabwera kudzapepesa, ndipo mwamuna wa Sulabha anakhala ndi Ababa pakhonde madzulo onse atawagwira dzanja.

Mmawa wake ndinapeza Ababa atavala okha malaya oyera, mabatani ataphonyana, akundiuza kuti tifulumire tingachedwe ku sunagoge. Ndinapita nawo ku sunagoge weniweni, n'kutsekula chitseko. Anasuzumira m'mabenchi opanda anthu, n'kunena kuti si kuno, tipite kumene kuli anthu.

Ndiye ndinkapita nawo ku kanema kuja. Unene zimene unganene, koma ndinkapita nawo. Bambo wa tochi uja ankatikhazika kumbuyo kwenikweni, pakona, ndipo ankatiitana nthawi ya amuna aja ikayandikira kuti Ababa asaone zoopsazo. Anthu akamakuwa ndi mantha, Ababa ankati lero mpingo wadzaza. Masiku amenewo ankadya bwino, ankandifunsa za iwe, mpaka anakumbukira kuti Yoel anabadwa ndi tsitsi lambiri.

Koma filimu siikhalitsa. Tsiku lina tinapeza pakhomo atamata chithunzi china, cha mnyamata ndi mtsikana akuvina. Ababa anafunsa bambo wa tochi kuti amuna aja ali kuti. Bamboyo anandiyang'ana, kenaka anati, "Anapita, agogo."

Ababa anafunsa motsitsa mawu kuti, "Nawonso apita ku Israeli?"

Sanadikire yankho. Anavula kansalu kumutu, n'kukapinda bwinobwino, n'kundiuza kuti tiyeni kunyumba, mayi. Sanandiitanenso dzina langa kuchokera tsiku limenelo.

Mwamuna wa Sulabha anaipeza filimuyo pa foni, koma Ababa anaikankha. Anati anthu ang'onoang'ono chonchi sangapemphere ndi munthu.

Tsopano sakudya. Mpunga ndimachita kuwanyengerera ngati mwana, akameza kawiri n'kutembenukira kukhoma. Pakhonde anasiya kutuluka. Adokotala akuti mtima watopa, ndipo anandiuza kuti ngati pali abale akutali, ndiwadziwitse.

Ndiye ndikukudziwitsa, koma ndikukupemphanso.

Ndayenda, mlongo wanga. Ndakwera basi mpaka ku Revdanda, ndaimba mafoni ku Thane. Amalume a Hanok avomera, ngakhale akuyendera ndodo, ndipo abwera ndi mkamwini wawo. Ku Thane kwapezeka anayi amene ati ndikangowauza tsiku, akwera boti. Pamodzi ndi Ababa akwana asanu ndi awiri. Ine pemphero lililonse ndimalidziwa pamtima, koma ukudziwa kuti mkazi sawerengedwa.

Atsala atatu. Iwe, Asher ndi Yoel.

Ndikudziwa kuti kuli ntchito, kuli sukulu, ndipo ulendo ndi wautali. Sindinakudandaulirepo kuti unapita, ndipo sindiyamba lero. Koma usanditumizire mankhwala kapena zithunzi za ana. Bwera ndi anawo. Sunagoge ndasesa kale, nyale ndapukuta. Sabata limodzi lokha, Ababa aime pakati pa amuna amoyo, amene akati "Ameni" mpweya wawo umamveka pakhosi. Usadikire kuti udzakwanitse khumi pa maliro awo, iwo asakumva.

Mwina ukafika sakuzindikira. Mwina akufunsa kuti ndiwe mwana wa yani. Usadzakhumudwe. Udzangowauza kuti wabwera kudzapemphera, adzakusunthira pa benchi.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga Rivka, umuuze kuti ndikumupempha andibwereke amuna ake atatu, ndidzawabweza. Moni kwa azakhali a Shoshana ku Ramla, koma za ku holo usawauze, angadwale nazo. Sulabha akupereka moni, akuti ukachedwa akulembera yekha, ndipo kalata yake siikhala yaulemu ngati yangayi.

Mulungu wa makolo athu akusunge potuluka ndi polowa, akufupikitsire njira.

Ndine mlongo wako,
Yerusha